Zoyenera kukonza musanayambe kugulitsa pa Smart Invoice

Kuyambira pa 1 July 2024, bizinesi iliyonse yolembetsa VAT m'Zambia muno iyenera kutulutsa invoisi kudzera mu Smart Invoice, pulogalamu ya bungwe lotolera misonkho la ZRA, yomwe inalowa m'malo mwa makina aja otulutsira marisiti a EFD. Invoisi ikangotuluka, zonse zolembedwapo zimakafikanso ku ZRA. Cholakwa chimene kale munkachikhwatcha ndi bolopeni m'buku la marisiti, lero chimakhala chafika kale ku boma. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ili pa kukonzekera, kasitomala woyamba asanaime pa kauntala.

Yambani ndi kuona zimene zili pa TPIN yanu (nambala yanu ya msonkho) mu TaxOnline, tsamba la ZRA la pa intaneti, makamaka nambala ya foni ndi imelo. Polembetsa, nambala yachinsinsi imatumizidwa ku foni imeneyo, ndipo ambiri amakakamira pomwepa chifukwa nambala yake ndi ya akauntanti amene anasiya ntchito kalekale. Isintheni kaye.

Kenako sankhani mtundu wa Smart Invoice wokuyenerani. Ya pa intaneti imakwanira amene amagulitsa ntchito ya manja kapena ya mutu, osati katundu wa pa shelefu, ndipo invoisi zawo n'zochepa. Sitolo yokhala ndi katundu ifunika ya pa kompyuta. Ya pa foni anapangira mabizinesi ang'onoang'ono. Ngati muli kale ndi pulogalamu yanu yogulitsira kapena yowerengera ndalama, imalumikizidwa ku Smart Invoice kudzera mu kapulogalamu kolumikizira kotchedwa VSDC. Musanalipire wokulumikizirani, onani ngati pulogalamu yakeyo ili pa mndandanda wovomerezedwa ndi ZRA.

Pamene pagona nkhani ndi pa mndandanda wa katundu. Chinthu chilichonse chimafuna dzina limodzi, nambala ya gulu lake ya UNSPSC (mndandanda wa padziko lonse wa magulu a katundu), muyeso wogulitsira ndi gulu la msonkho. Taganizirani sitolo ya zomangira ku Kamwala: misomali imabwera m'makatoni koma imagulitsidwa pa kilo. Mukailemba m'makatoni, wina akagula makilo awiri makina adzachotsa makatoni awiri, ndipo pakutha mwezi mabuku adzaonetsa kuti misomali yatha pomwe mosungira katundu ili mbwee. Penti ya malita 5 ndi ya malita 20 zilembedwe padera, zisakhale mzere umodzi woti "penti".

Pa msonkho samalani kwambiri. VAT ya nthawi zonse ndi 16 peresenti, koma pali katundu wa ziro peresenti, monga wotumizidwa kunja, komanso wosadulidwa VAT n'komwe. Magulu awiri omalizawa si amodzi, ngakhale onse amaonetsa ziro pa risiti, ndipo amalembedwa mosiyana pa fomu ya pamwezi. Onaninso ngati mtengo umene mukulemba uli kale ndi VAT. Chinthu cha K116 chili ndi K16 ya msonkho m'kati mwake. Pulogalamu yanu ikauyesa mtengo wopanda msonkho, idzawonjezera 16 peresenti ina ndipo kasitomala adzalipira K134.56. Yesani ndi kakyuleta zinthu zingapo tsiku lotsegulira lisanafike.

Usiku woti mawa mukuyamba, werengani katundu yense ndi manja, mulowetse chiwerengero chenichenicho, osati cha m'buku lakale. Kuchokera apo, zimene mwagula kwa ena amene ali pa Smart Invoice zizionekera kwa inu kuti muzivomereze, chimodzimodzinso katundu wodutsa pa malire a Chirundu, Nakonde kapena Mwami yemwe walembedwa mu ASYCUDA World, pulogalamu ya a kasitomu. Mukachedwa kuvomereza, mudzaoneka ngati mukugulitsa zinthu zomwe simunagule.

Wokhala pa kauntala aphunzire zinthu ziwiri mpaka zimulowe m'magazi. Choyamba, afunse TPIN ya kasitomala wa bizinesi asanatulutse invoisi, manambala onse 10, chifukwa popanda iyo wogulayo avutika kubweza VAT yake, ndipo ulendo wina adzapita kwa anzanu. Chachiwiri, invoisi yolakwika sifufutidwa. Amatulutsa credit note (kalata yothetsera invoisi) yotchula nambala ya invoisi yoyambayo, kenako n'kulemba yatsopano. Kungolemba ina osathetsa yoyamba ndiko kudzilipiritsa msonkho kawiri pa malonda amodzi. Aliyense akhale ndi dzina lake lolowera, kuti cholakwa chikapezeka mudziwe woti aphunzitsidwenso.

Za magetsi tonse a mu Lusaka tikuzidziwa. Kompyuta, pulinta ndi rauta zikhale pa invata kapena UPS (batire yosungira magetsi), ndipo sungani SIM ya netiweki ina yokhala ndi mabandulo. Madzulo aliwonse onani ngati invoisi zonse zatumizidwa, ndipo mwa apo ndi apo jambulani QR code ya pa risiti ndi foni kuti mutsimikize kuti ZRA ikuizindikira.

Fomu ya VAT imaperekedwa pofika pa 18 mwezi wotsatira. Sabata yoyamba ya mwezi, akauntanti ayerekeze malonda a mu Smart Invoice ndi a m'mabuku anu komanso ndalama zolowa kubanki ndi pa foni, kuti kusiyana kulikonse kukonzedwe fomuyo isanapite.