Kupanga uvuni wowambira nsomba ndi nyama kuchokera ku mgolo wa malita 200

Mgolo wachitsulo wa malita 200 uja ambirife timasungiramo madzi kuseri kwa nyumba umatha kusanduka uvuni wabwino zedi wowambira nsomba, nkhuku ngakhale nyama ya nkhumba, ndipo ngati muli ndi makina owotcherera, galainda ndi dirilo ntchito yake ndi ya masiku awiri basi. Ine ndapanga mauvuni atatu pofika pano, ndipo chachikulu chomwe ndaona nchakuti mgolo weniweniwo sufuna kuwotchereredwa kwambiri ayi, moto wa rodi, kandodo kowotcherera kaja, uzipita pa zitsulo zokhuthala zonyamula mgolowo ndi zokhala mkati mwake, mgolo ntchito yake nkugwira utsi.

Yambani ndi kusankha mgolo, ndipo apa chonde musapupulume. Funani womwe munali mafuta ophikira, ndipo mukapeza wa chivindikiro chochotseka chija amamanga ndi mkombero wachitsulo nde mwapulumuka ntchito yodula. Womwe munali mankhwala a mbewu, penti, kapena zinthu zoti wogulitsayo akulephera kukuuzani dzina lake, usiyeni pompo ngakhale akutsitsireni mtengo chotani, izi ndi za chakudya cha ana anu. Wa petulo kapena thina wosungunulira penti uja kuopsa kwake nkwina, umaoneka wouma koma mkati mumatsala mpweya woyaka, nthethe imodzi yokha ya galainda mgolo umaphulika ngati bomba, ndipo anthu amafa nazo zimenezi. Ngati mgolo wanu ndi wotseka mbali zonse, tsegulani zitsekero ziwiri zija, tsukani ndi madzi otentha ndi sopo kangapo, mudzadze madzi mpaka pafupi ndi pomwe mukudulapo, kenako mudule ndi tchizulo ndi hamala mozungulira mkati mwa mlomo wake. Zimachedwa inde, koma dzanja limabwerako lathunthu. Mgolo wotere mukaudula mudzafunika kupeza chivindikiro china chophimba bwino.

Mukatsegula boolani mabowo atatu a mpweya m'munsi, masentimita 5 kuchokera pansi, aakulu ngati mamilimita 25, motalikirana mofanana kuzungulira mgolo. Ndiyeno sonkhani moto waukulu wa nkhuni mkatimo mpaka penti yense wakunja asupuke. Migolo ina mkati mwake amapakamo zofiirira zoteteza dzimbiri, zimenezo zichoke zonse, zikakanirira bwerezani moto. Chitirani panja kutali ndi ana, inuyo muime komwe mphepo ikuchokera. Mawa lake kwechani ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chioneke.

Tsopano nkhani yowotcherera ija. Khoma la mgolo kukhuthala kwake ndi milimita imodzi kapena kuposerako pang'ono, nde mukabwera ndi rodi ya mtundu wa 6013 ya mamilimita 2.5 pa ma amp 80 (mphamvu ya moto wa makina) monga timachitira pa mageti, simuwotcherera koma mumaboola. Uvuni wanga woyamba ndinafuna kumata mahinjesi a chitseko pa mgolo penipeni, panabooka, ndikati nditseke bowolo likukulirakulira, chitsulo chinapindika ndi kutentha ndipo chitsekocho sichinatsekenso bwino, utsi umangothawira m'mbali. Kuyambira pamenepo chilichonse chokhudza khoma la mgolo ndimamanga ndi mabawuti a M6 kapena M8 ndi mawashala mbali zonse ziwiri. Ngati pali pomwe simungachitire mwina, tengani rodi ya 2.0, tsitsani ma amp afike cha m'ma 50, yatsirani moto pa chitsulo chokhuthalacho nkungotsetserekera pa mgolo pang'ono, kadontho kamodzi, dikirani pazizire, kenako kena patali. Waya wa earth, uja wa makina wokhala ndi chopanira, mumange pa chitsulo chopala bwino pafupi ndi pomwe mukugwira, osati pa penti.

Ndipatukeko pang'ono pa za maso chifukwa zimandiwawa ndikaona anyamata m'misika akuwotcherera ndi magalasi a dzuwa, ena kungotsinzina. Kuwala kwa rodi kumapsereza diso, masana simumva kanthu koma pakati pa usiku mumadzuka ngati wina wakuthirani mchenga m'maso, misozi osaleka. Gulani helemeti ya galasi la nambala 10 kapena 11, valani magolovesi achikopa ndi malaya a thonje a manja aatali, za nayiloni zimasungunukira pakhungu. Ndipo ana aja amakonda kudzaonerera muwathamangitse, kuwalako kumawapweteka nawonso.

Miyendo pangani ndi angle iron, chitsulo chopindika ngati L, ya mamilimita 40 by 40 yokhuthala mamilimita 3. Mgolo m'mimba mwake ndi masentimita pafupifupi 58, nde pangani felemu ya makona anayi ya 60 by 60, milomo ya angle iron iyang'ane m'mwamba kuti mgolo ukhale mkati osatsetsereka, muikenso zitsulo ziwiri zopingasa pakati, miyendo ya masentimita 25 yakwana. Apa nde pomwe 2.5 ija imagwira bwino, ma amp 70 mpaka 90 kutengera makina anu. Musawotchereretu kona imodzi nkumaliza, chitsulo chimakoka chikamazizira. Gwirizitsani makona onse ndi timadontho kaye, yezani ndi tepi kuchoka kona ina kupita kona yoyang'anana nayo, uku ndi uku zifanane, mukatero muwotcherere zenizeni mosinthanasinthana mbali. Gogodani chikhungwa chakuda chija chimatsala pamwamba pa pomwe mwawotcherera muone pansi pake, mukapeza timabowo palani ndi galainda mubwereze. Marodi azikhala pouma, achinyezi amangothetheka ndi kukakamira.

Dengu la moto ndi lomwe limavutika kwambiri ndi kutentha kotero musaumire chitsulo. Pindani round bar ya mamilimita 10 mikombero iwiri ya masentimita 30 m'mimba, ilumikizeni ndi tizitsulo toimirira ta masentimita 20, pansi muyale timizere totalikirana ngati chala chimodzi kuti phulusa lizigwa koma makala osagwa. Liikireni miyendo ya masentimita 8 kuti mpweya uzidutsa kunsi, ndi chogwirira cholitulutsira. Pansi pake ikani chimbale chakale cholandira phulusa, chifukwa phulusa likanyowa limadya mgolo msanga.

Chomwe chimasiyanitsa uvuni wowamba ndi mbaula wamba ndi mpweya. Pa mabowo atatu aja lowetsani tizidutswa ta paipi yakuda ya mazinga ngati a bawuti tomanga ndi manati, kuti muzitha kutseka ndi zitsekero zake, kapena ingodulani tizitsulo tafulati tomangidwa ndi bawuti imodzi tomazungulira nkutseka bowo. Pa chivindikiro boolani mabowo 8 a mamilimita 12, ndipo amenewa azikhala otsegula nthawi zonse, moto mumauchepetsa potseka pansi osati pamwamba, mukatseka pamwamba utsi umakhalitsa ndipo nsomba imawawa. Chogwirira cha chivindikiro chikhale chamtengo. Kachitseko kowonjezerera nkhuni mukakafuna dulani masentimita 25 by 20 m'munsi, m'mbali mwake mumangemo flat bar yotulukira kunja pang'ono kuti kaziphimba mpata.

Sefa yoyikapo nsomba yoyamba ikhale masentimita 18 kuchoka pamlomo, yachiwiri 15 kunsi kwake, iliyonse itsamire pa mabawuti anayi aatali olowa mkati. Ipangeni ndi round bar ya mamilimita 6 kapena 8. Waya wa galvanized, mapaipi oyera a madzi aja ndi malata musagwiritse ntchito, zimenezi amazikuta ndi zinki, ndipo zinki akapsa amatulutsa utsi woyera womwe umadwalitsa ngati malungo, mutu, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi, ndipo sitimufuna pafupi ndi chakudya.

Musanawambe kanthu pakani mafuta ophikira mkati monse ndi pa masefa, yatsani makala kwa maola atatu kuti mkati mude, ndi m'mene mumaphunzirira kuti bowo limodzi lotsegula limapereka kutentha kotani. Thermometer yomanga pakhoma pafupi ndi sefa yapamwamba imathandiza kwambiri. Nyama ndi nkhuku zimafuna madigiri a Celsius 110 mpaka 120, ndipo nkhuku mkati mwake ifike 74. Nsomba imafuna moto wofatsa, cha m'ma 70 mpaka 80, makala ochepa.

Utsi uchokere ku nkhuni zouma za mango kapena gwafa, zidutswa ziwiri zitatu pamwamba pa makala, zitsononkho nazonso zimachita bwino. Paini ali ndi utomoni wodetsa nsomba, nkhadze ndi poizoni, matabwa opaka penti kapena othira mankhwala a chiswe asayandikire nkomwe. Mlamba, kampango kapena chambo mutumbule, mutsuke, munyike m'madzi a mchere kwa theka la ola, kenako muyanike pamthunzi pa mphepo mpaka khungu lisiye kunyowa, nsomba yonyowa utsi sugwira bwino. Yalani mosagundana, phimbani, ndipo musamangovundukula, yang'anani utsi wotuluka pamabowo. Ukakhala woyera wambiri ngati wa zinyalala moto ukubanika, tsegulani bowo lina pansi. Ukakhala wopyapyala wooneka wa buluu pang'ono, usiyeni choncho, pakatha maola awiri musinthanitse masefa, yapansi ipite pamwamba.