Momwe mungatumizire kanema wamkulu imelo ikamukana

Mwalemba uthenga, mwaikapo kanema uja, koma mukati mutumize, pakubwera mawu akuti fayilo yakula kwambiri. Musavutike kuzimitsa ndi kuyatsa foni, vuto si foniyo. Gmail ndi Yahoo Mail salola mafayilo oposa 25 MB pa uthenga umodzi, pomwe kanema wa 1080p (wooneka bwino kwambiri) wa mphindi imodzi yokha nthawi zambiri amakhala atadutsa kale pamenepo.

Palinso china chomwe ambiri sachidziwa. Fayilo ikamalowa mu imelo imasandutsidwa zilembo, ndipo potero imafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. N'chifukwa chake kanema amatha kuchoka bwinobwino kwa inu, koma n'kubwezedwa kumbali ya wolandira ngati kumeneko malire ndi ochepa.

Choncho yambani ndi kuona kukula kwa kanemayo. Pa Windows, dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Properties. Ngati yayandikira 20 MB, ine sindingakulangizeni kulimbana nayo. Ikani kanemayo pa Google Drive, malo a Google osungirako mafayilo pa intaneti, munthuyo mumutumizire linki basi.

Tsegulani Drive, dinani New pakompyuta kapena chizindikiro cha + pafoni, sankhani kanemayo ndipo dikirani alowe yense. Musatseke tsamba pakatikati. Aliyense amene ali ndi Gmail ali ndi malo aulere a 15 GB, ngakhale kuti malowo amagawana ndi maimelo komanso zithunzi za pa Google Photos.

Apa tsopano ndi pomwe anthu amagwa. Kanema akalowa, amakhala wokhoma, wotsegula ndi inu nokha. Dinani Share, lembani imelo ya wolandirayo, kapena pa General access sinthani Restricted kuti pakhale Anyone with the link. Siyani pa Viewer, popeza iye akungofuna kuonera ndi kutsitsa. Mukaiwala apa, mnzanu adzangoona tsamba lomuuza kuti apemphe chilolezo, inu muli phee kuganiza kuti ntchito yatha. Koma ngati kanemayo ndi wachinsinsi, lembani imelo yake yokhayo, chifukwa linki yotseguka aliyense amene yamufika angathe kuonera. Kenako dinani Copy link n'kuika linkiyo mu uthenga wanu.

Amene ali ndi iPhone ali ndi Mail Drop, njira ya Apple yotumizira mafayilo akuluakulu pa linki, yomwe imanyamula mpaka 5 GB, koma linki yake imatha pakapita masiku 30.

Nanga wolandira akaumirira kuti kanemayo abwere m'kati mwa imelo momwemo? Dulani mbali zosafunika, kenako mumuchepetse ndi HandBrake, pulogalamu yaulere ya pakompyuta. Sankhani 720p, yomwe ndi yocheperapo kuposa 1080p, ndipo muonereni kaye musanatumize, makamaka ngati muli zolemba zoti ziwerengeke. Za ZIP, njira yopanikizira mafayilo kuti achepe, zisiyeni, kanema amakhala wopanikizidwa kale ndipo sasintha kwenikweni.

Musanadine Send, ngati mwasankha Anyone with the link, tsegulani linkiyo pawindo la Incognito (windo lachinsinsi lomwe simunalowemo ndi akaunti yanu) muone ngati kanemayo akuseweradi. Ndipo musamufufute pa Drive mpaka wolandirayo atakuuzani kuti watsitsa, chifukwa mukamuchotsa, linkiyo idzasiya kugwira ntchito.