Mukufuna ntchito ya HR? Yambirani pa malamulo ndi malipiro

Ndakhalapo kangapo pagulu lofunsa anthu mafunso pa inthavyu ya ntchito ya HR (Human Resources, ntchito yoyang'anira antchito pakampani kapena m'bungwe), ndipo pali funso limodzi limene sindilisiya. Munthu wagwira ntchito zaka 7, kampani ikuchepetsa antchito, ndiye pomutsanzika mumupatsa chiyani? Ambiri amayamba kufotokoza kuti iwo amakonda anthu, amadziwa kumvetsera, ndi odekha mtima. Zonsezo ndi zabwino, koma yankho ndi malipiro a masabata 16, ndipo pamwamba pake ndalama za notisi ndi masiku a tchuthi amene sanapite. Zimandipweteka kuona mnyamata kapena mtsikana wanzeru, amene makolo ake anagulitsa mbuzi kuti aphunzire, akutuluka chimanjamanja chifukwa palibe anamuuza zimene olemba ntchito akufuna masiku ano. Nazi njira zoti mutsate.

Choyamba: sankhani khomo lolowera

HR ndi nyumba ya makomo ambiri, ndipo si onse amene ali otsegula mofanana.

Khomo limene ndimaliona lili pululu nthawi zonse ndi la malipiro, lomwe m'maofesi timangoti payroll. Bungwe lililonse, lalikulu kapena laling'ono, limalipira anthu mwezi ukatha, ndipo kulakwitsa pamenepo ndi mlandu. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nkhani ya malipiro ndi ma alawansi yakhala yosatha m'makampani, choncho munthu wodziwa kuwerengera amasungidwa ngati dzira.

Khomo lachiwiri ndi la ubale wa antchito ndi mabwana: madandaulo, milandu ya mwambo, kukambirana ndi mayuniyoni, kuimira kampani kuofesi ya leba ndi ku Industrial Relations Court, khoti la zantchito. Kuminda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kuminda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndiponso kumafakitale a fodya ku Kanengo, anthu amalembedwa ambirimbiri nyengo ikafika ndi kuchotsedwa nyengo ikatha. Kumeneko munthu wotere sasowa chochita. Chaka cha 2025, dziko la America litadula thandizo lodzera ku USAID, mabungwe ambiri omwe si aboma anachepetsa antchito. Ena a HR anapita nawo, koma amene ankadziwa kuchotsa anthu motsata lamulo ndi amene anatseka chitseko pomaliza.

Palinso ntchito yosaka ndi kulemba anthu, ntchito yokonza maphunziro a antchito, ndi yoyang'anira zachitetezo ndi umoyo pamalo a ntchito. Yomalizayi ndiyofunika kuiyang'anitsitsa pamene migodi ngati Kayelekera ku Karonga ndi Kangankunde ku Balaka ikukopa anthu. M'mabungwe othandiza anthu mukumveka kwambiri mawu akuti safeguarding, kutanthauza kuteteza antchito ndi anthu othandizidwa kunkhanza ndi kugwiriridwa.

M'mabungwe ang'onoang'ono zonsezi zimagwera munthu mmodzi, ndipo pamalonda a ntchito amalemba kuti HR and Administration Officer. Mukaona dzina limenelo dziwani kuti magalimoto, alonda ndi lendi ya ofesi zilinso pamutu panu.

Chachiwiri: werengani malamulo enieniwo, osati manotsi a m'kalasi

Pano ndiye pagona nkhani, ndipo ndichedwapo. Pezani Employment Act ya 2000 pamodzi ndi zosintha zake, muiwerenge ndi cholembera m'manja. Si buku lalikulu. Muli zinthu zimene muyenera kuzidziwa ngati dzina lanu.

Maola ogwira ntchito sapitirira 48 pasabata. Ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa ola ndi theka pa ola lililonse, ndipo ya tsiku lopuma kapena la holide imalipidwa kawiri. Tchuthi chapachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pasabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku 5. Mayi woyembekezera ali ndi masabata osachepera 8 olipidwa kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kuchokera pa zosintha za 2021 abambo nawonso ali ndi masabata awiri. Nthawi yoyesedwa ntchito siipitirira miyezi 12.

Za masabata 16 aja zimachokera apa: pa zaka zisanu zoyamba munthu amalandira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse, kuyambira chaka cha 6 kufika cha 10 masabata atatu, kupitirira apo masabata anayi. Wa zaka 7 ndiye kuti 10 kuphatikiza 6.

Koma gawo limene limagwetsa makampani ambiri kukhoti ndi gawo 57. Limanena zinthu ziwiri: pochotsa munthu pakhale chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, apatsidwe mpata wodziteteza. Bwana atha kumugwira munthu ali ndi katundu wakuba m'manja, koma akangomuthamangitsa pompo osamumva, kampani ikhoza kukalipira chipukuta misozi. Ndipo kukhoti ndi wolemba ntchito amene amayenera kuonetsa chifukwa chake. Munthu wa HR amene angathe kuuza bwana wokwiya kuti, “Bwana, tiyeni timulembere kalata kaye, timuitane, timumve,” ndi amene amapulumutsa ndalama za kampani ndi ulemu wa wantchito nthawi imodzi.

Mukamaliza Employment Act pitani ku Labour Relations Act ya 1996 yomwe imakamba za mayuniyoni, sitalaka ndi khoti la zantchito. Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997. Workers' Compensation Act ya 2000. Ndi lamulo la penshoni, lomwe linayamba mu 2011 ndi kukonzedwanso mu 2023. Gender Equality Act ya 2013 musailumphe: ndi imene imaletsa kuvutitsa munthu pankhani zogonana pantchito, ndipo imanena kuti polemba anthu m'boma, amuna kapena akazi asapitirire 60 pa 100 aliwonse, asacheperenso 40.

Ngati muli ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, patulani tsiku mukakhale pabenchi ku Industrial Relations Court mumvere mlandu umodzi. Sizilipiritsa. Mudzamva ndi makutu anu mmene kalata imodzi yosasainidwa imagwetsera kampani yonse.

Chachitatu: zolowerani manambala

Tsegulani Excel mudzipangire payroll ya anthu khumi ongopeka. Wa K400,000 pamwezi, penshoni yake ndi K40,000 kuchokera kwa bwana ndi K20,000 kuchokera kwa iye mwini, popeza lamulo limati 10 peresenti ndi 5 peresenti. Werengerani PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, pogwiritsa ntchito magawo amene bungwe lotolera misonkho la MRA lalengeza chaka chimenecho; amasintha ndi bajeti, choncho osadalira a chaka chatha. Ndalama ya PAYE imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo masiku ano zimadzera pa Msonkho Online, njira ya MRA ya pa intaneti. Musaiwale 1 peresenti imene bwana amapereka ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja. Kenako onjezerani ovataimu, ngongole ya SACCO, ndi munthu amene wayamba ntchito pakati pa mwezi. Mukatha zimenezi osayang'ana pena, mwapitirira anzanu ambiri.

Makampani aakulu amagwiritsa ntchito mapulogalamu ngati Sage, ndipo boma lili ndi yake yotchedwa HRMIS. Ngati simunawagwirepo, nenani zoona pa inthavyu. Wodziwa bwino Excel sachedwa kuphunzira.

Chachinayi: pepala

Digiri kapena dipuloma ikufunikabe. University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa za HR, mayunivesite angapo omwe si aboma nawonso, ndipo ambiri adutsira dipuloma ya ABE (Association of Business Executives). Malawi School of Government, yomwe inaphatikiza Malawi Institute of Management ya ku Kanengo ndi Staff Development Institute ya ku Mpemba, imathandiza makamaka olowera m'boma. Musanalipire fizi kulikonse, fufuzani ku National Council for Higher Education ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka. Lowaninso m'bungwe la akatswiri a HR la IPMM (Institute of People Management Malawi), chifukwa malonda ambiri a ntchito amatchula umembala wake.

Chachisanu: pezani poyambira, ngakhale pansi

Dandaulo la aliyense ndi lakuti akufuna wodziwa kale ntchito pamene iwe ukungochoka kusukulu. Ndi zoona, ndipo zimawawa. Koma luso la HR limapezeka m'malo amene anthu amawaderera: ukalaliki wolemba masiku a aganyu paesiteti, kusunga mafayilo kuchipatala cha mishoni, kuthandiza sukulu yapulaiveti kulemba makontirakiti a aphunzitsi, pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maofesi. Kalaliki amene wawerengera malipiro a anthu 300 odula nzimbe ali ndi nkhani yokamba pa inthavyu kuposa amene wakhala pakhomo zaka ziwiri kudikira udindo wa ofisala.

Pa CV lembani zimene munachita ndi manja anu, ndi manambala ake. Osangoti ndinkathandiza za HR. Nenani kuti munkasunga mafayilo a anthu angati, munakonza ma inthavyu angati, munalemba maminitsi a milandu ingati.

Chachisanu ndi chimodzi: sakani kumene ntchito zikulengezedwa

The Nation ndi The Daily Times akadali ofunika, makamaka pa ntchito za boma ndi za makampani a boma. Koma zambiri tsopano zikuyamba kuoneka pa LinkedIn, pamasamba a intaneti a mabungwe eni ake ndi m'magulu a WhatsApp. Mabungwe akunja amafuna mulembe fomu pa intaneti, ndipo kompyuta imayamba kusefa mafomuwo munthu asanawaone, choncho mawu amene ali pamalonda a ntchitoyo apezekenso mu CV yanu ngati mukuzidziwadi zinthuzo. Inthavyu yoyamba kawirikawiri ikumachitikira pa Zoom kapena pa Teams. Gulani bandulo yokwanira, tchajani foni ndi laputopu usiku wake, ndipo dziwiranitu kumene mungathawire magetsi akazima. Ntchito zambiri zikubwera ngati kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Musaikane chifukwa cha chimenecho.

Wina akakuuzani kuti tumizani ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti dzina lanu lilowe pamndandanda, ameneyo ndi wakuba. Inu amene mukufuna kukhala a HR muyenera kukhala oyamba kuchenjeza anzanu.

Pomaliza: konzekerani mayeso ndi funso la chinsinsi

Olemba ntchito ambiri sakukhutiranso ndi kucheza kokha. Amakukhazikani pakompyuta kuti mulembe kalata yoitanira munthu kumlandu wa mwambo kapena muwerengere ndalama za wopuma ntchito. Yeserani kunyumba. Kalata yotere itchule mlandu momveka, tsiku, malo, ndi kuti munthuyo atha kubwera ndi womuperekeza ndi mboni zake.

Adzakufunsaninso za chinsinsi ndi kukondera. Wa HR amadziwa malipiro a aliyense, matenda a ena, ngongole zawo, ndipo Data Protection Act ya 2024 yaika udindo wosamala zoterezi pa mabungwe. Tsiku lina mwana wa amalume anu adzafunsira ntchito pamalo panu, kapena mnzanu wa kutchalitchi adzapalamula. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Yankho limene gulu lofunsa likufuna kumva ndi lakuti mudzauza abwana anu mwa kalata kuti munthuyo mumamudziwa, ndipo mudzatuluka m'chipindamo kuti ena aweruze.