Kapezedwe ka ndalama za boma zophunzitsira ana osauka nyimbo za jazi ku America

Mwa malo ena, ndalama zimachokera kuwiri uku: ku bungwe la National Endowment for the Arts (NEA), la boma lothandiza zaluso, ndi ku pulogalamu ya 21st Century Community Learning Centers yolipirira maphunziro a ana akaweruka kusukulu. Ya chiwiriyi mumapempha kudzera ku dipatimenti ya maphunziro ya dera (state) lanu, ndipo imakondera sukulu za m'madera osauka, choncho gwirizanani kaye ndi sukulu.

Ku NEA, munthu payekha sangapemphe ndalama za sukulu ya nyimbo. Pamafunika bungwe lovomerezeka ngati 501(c)(3) (losachita phindu, losakhoma msonkho), boma la mzinda kapena ofesi yoyang'anira sukulu. Lembetsani pa webusayiti ya boma ya SAM.gov kuti mulandire UEI, nambala yozindikiritsa bungwe lanu, kenako ku Grants.gov, webusayiti yopempherapo ndalama za boma. Kulembetsa n'kwaulere koma kumatenga masabata, ndipo kwa ku SAM.gov kumatha mphamvu pakapita chaka. Ambiri amagwa apa: tsiku lotsekera likufika, kalembera wawo atatha kale.

Pa dola iliyonse ya NEA, inunso muikepo dola. Mukapempha $20,000, onetsani $20,000 ina yosachokera ku boma la feduro (boma lalikulu la dziko lonse). Chipinda chobwerekedwa mwaulere chingawerengedwe ngati mbali ya ndalama zanuzo, bola pakhale umboni wolembedwa.

Bajeti isathere pogula zida zoimbira zokha. Mabango a saxophone (timabango ta pakamwa pa chidacho totulutsa mawu) amang'aluka msanga mkamwa mwa mwana wongoyamba, ndiye ikani mabokosi a mabango ofewerako, a nambala 2, okwanira chaka chonse. Trumpet yosathiridwa mafuta mabatani ake amakakamira. Ikaninso ndalama zokonzetsera zida, malipiro a aphunzitsi, ndi basi yotula ana kwawo madzulo, chifukwa mwana wopanda mayendedwe amasiya kubwera. Zogulidwa nthawi ya thandizo isanayambe a NEA sabweza ndalama zake.