Mmene mungafukulire mbiri ya mawu achingerezi a ziphuphu, foni ili m'manja

Mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa m'kalasi kuti, "Aphunzitsi, ngati azungu sadya ziphuphu monga amanenera anthu, nanga mawu ambirimbiri a chiphuphu m'Chingerezimu anawapangiranji?" Anzake anafa nalo phwete. Ine ndinaseka nawo, koma yankho ndinalibe. Loweruka lake ndinakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka bandulo inatha, ndipo njira imene ndinadzera ndi imene ndikuikani pano.

Musanatsegule intaneti, tengani pepala. Lembani mawuwo motsika. Anga anali awa: bribe, bung, graft, slush fund, payola, kickback ndi baksheesh. Pambali pa liwu lililonse jambulani mizere itatu: chaka chimene liwulo linayamba kuoneka m'zolembedwa, dziko lake, ndiponso munthu amene ndalamazo zinali m'manja mwake. Mzere wachitatuwu musaunyoze, ndi umene umaulula nkhani yonse.

Yambani ndi Online Etymology Dictionary, imene anthu amangoti etymonline, yolembedwa ndi Douglas Harper. Ndi yaulere ndipo sidya bandulo. Lembani bribe. Mupeza kuti liwuli linachokera ku Chifalansa chakale, ndipo kumeneko linali chiduswa cha buledi chimene umaponyera munthu wopemphapempha. Mpaka lero Afalansa akati bribes amanena zidutswazidutswa, monga timawu ta nkhani ya eni timene wamva ukudutsa. Anthu ambiri amaima pomwepa, n'kuthamangira kukauza anzawo kuti chiphuphu chinayamba ngati buledi. Musaime. Pitirizani kuwerenga motsatira zaka.

Liwuli litawoloka kulowa m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, linasanduka chinthu chakuba, ndipo briber anali mbava kapena munthu wolanda anzake. Mlakatuli wa ku England wa nthawi imeneyo, Geoffrey Chaucer, analigwiritsa ntchito chotero m'nthano ina ya mu Canterbury Tales. Muli munthu wonyamula masamoni a bwalo la mpingo amene akupita kwa gogo wamasiye ndi mlandu wongopeka. Akumuuza kuti apereke makobiri 12 kuti nkhani ithere pomwepo, ndipo gogo atalira kuti alibe, mkulu uja akuopseza kuti anyamula chiwaya chake chatsopano. Chiwaya! Nditawerenga pamenepo ndinachita kuika foni pansi, chifukwa munthu ameneyu tonse tinakumanapo naye, kungoti anavala zina. Pofika m'zaka za m'ma 1500, bribe inali itakhala ndalama zopatsa woweruza kuti akhotetse mlandu. Tsopano onani mzere wanu wachitatu uja: wopemphapempha, kenako mbava, kenako wapaudindo wolanda ndi chiopsezo, ndipo lero briber ndi uja wopereka, osati wolandira. Mlandu unachoka m'dzanja lotenga n'kupita m'dzanja lopatsa, liwu lili lomwelo.

Njira yowerenga liwu motsatira zaka imeneyi mwini wake ndi Oxford English Dictionary. Mkonzi wake James Murray ndi anzake ankalandira timapepala tochokera kwa anthu ongodzipereka, kalikonse kali ndi chiganizo chimodzi, dzina la buku ndi chaka. Gawo loyamba linatuluka mu 1884, ntchito yonse n'kudzatha mu 1928. Pa intaneti, kuti muone ziganizo zonse pamafunika kulipira, koma ngati muli ndi m'bale ku Britain mupempheni, chifukwa makhadi a malaibulale ambiri a kumeneko amatsegula dikishonaleyi kwaulere. Akujambulireni tsamba la liwu limodzi lokha, mukaliwerenge kuyambira chiganizo chakale kwambiri.

Mawu a mumsewu ali ndi nyumba yawoyawo, Green's Dictionary of Slang ya Jonathon Green, nayo yaulere. Kumeneko n'kumene muyenera kupita ndi bung. Otsatira Arsenal akale akulidziwa liwuli ngakhale safuna kulikumbuka. Mu 1995 timuyi inachotsa ntchito mphunzitsi wake George Graham zitadziwika kuti analandira mapaundi 425,000 kwa Rune Hauge, mkhalapakati wogulitsa osewera wa ku Norway, ndipo anamuletsa kugwira ntchito za mpira kwa chaka chimodzi. Manyuzipepala a ku England anangoti bung, ndipo m'nkhani za mpira liwulo linakhazikika.

Mzere wa dziko uja ndi umene unandichititsa manyazi. Kwa zaka zambiri ndinkadziwa graft ngati katangale basi. Tsiku lina ndinadula ndi cholembera chofiira chiganizo cha mnyamata amene analemba kuti bambo ake anamanga nyumba ndi hard graft, n'kumulembera m'mbali kuti asamanyoze makolo. Iye ndiye ankalondola. Ku Britain graft ndi thukuta, ntchito yakalavulagaga, ndipo munthu akakutchula grafter wakutamanda. Ku America n'kumene graft ili kudya za boma. Wandale wina wa ku New York, George Washington Plunkitt wa gulu la Tammany Hall, anafika mpaka pogawa katangale pawiri m'zokamba zake zimene zinasindikizidwa mu 1905. Katangale wina ankamutcha honest graft, katangale wachilungamo: iye akamva mphekesera m'boma kuti pakuti padzakhala paki, ankathamanga kukagula malowo motchipa, n'kudzawagulitsa modula boma likawafuna. Kwa iye kumeneko sikunali kuba, kunali kuchenjera. Choncho liwu lililonse lifufuzeni mbali zonse ziwiri za nyanja musanaweruze mwana wa eni.

Slush fund ili ndi fungo la kukhitchini. Pa zombo zakale amalinyero ankadya nyama yamchere yosungidwa m'migolo. Wophika akaiwiritsa ankayengula mafuta oyandama pamwamba, amenewo ndiwo slush, n'kumawasunga. Chombo chikafika padoko mafutawo ankagulitsidwa, ndipo ndalama zake zinkagulira tinthu timene sitinali m'mabuku a chombo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Aamerika anatengera liwuli ku ndale, kutanthauza thumba lobisika logulira anthu. Mfundo ya ndalama zosalembedwa m'buku ndi imene inayenda ndi liwulo, mafuta anatsala m'chombo.

Mukafuna kuona ndi maso nthawi imene liwu linabuka, tsegulani Google Books Ngram Viewer, tsamba limene limajambula mzere woonetsa kuchuluka kwa liwu m'mabuku chaka ndi chaka, n'kulemba payola. Mzere ukhala ukukwawa pansi, kenako udumpha cha m'ma 1960. Liwulo analipanga a nyuzipepala ya zisangalalo ya Variety m'zaka za m'ma 1930, polumikiza pay ndi mchira wa mayina a zoimbira monga Victrola. Koma linadzatchuka mu 1959, zitaululika kuti makampani a nyimbo ankalipira oulutsa mawu pa wailesi kuti aziika mbale zawo. Alan Freed, mmodzi wa oulutsa otchuka kwambiri pa nthawiyo, ntchito inamuthera pomwepo, ndipo mu 1960 nyumba ya malamulo ya ku America inakhwimitsa lamulo. Phunziro la kafufuzidwe ndi lakuti chaka chobadwa liwu ndi chaka chotchuka n'zosiyana, lembani zonse ziwiri. Kickback ndidutsapo msanga: ndi ya ku America, ndipo mu 1934 kunakhazikitsidwa lamulo la Copeland loletsa makontirakitala a ntchito za boma kukakamiza antchito kubweza gawo la malipiro awo. Apanso onani dzanja: wobwezayo anali mmisiri wosauka.

Chenjezo limodzi. Nkhani ikakoma kwambiri, ikayikireni. Mudzalandira uthenga wakuti tip, kandalama kothokoza woperekera zakudya, ndi chidule cha To Insure Promptness. Ndi bodza. Liwulo linalipo kale m'zaka za m'ma 1700, pomwe chizolowezi chopanga mawu ndi zilembo zoyambirira chinafala m'zaka za m'ma 1900. Amene wakuuzani chiyambi cha liwu mufunseni chiganizo ndi chaka chake. Akapanda kukupatsani, musalembe papepala lanu.

Lolemba ndinabwerera m'kalasi ndi pepala langa, mzere wa baksheesh uli wosadzaza dala. Ndinangowauza kuti ndi liwu la Chiperisiya lotanthauza mphatso, limene apaulendo achingerezi analitola kum'mawa, ndipo ntchito yawo inali kupeza kuti mphatsoyo inayamba liti kununkha. Mtsikana uja anakweza dzanja n'kufunsa ngati angawonjezere kangachepe pamndandandawo. Ndinamulola, n'kumuuza kuti pa limeneli asawononge bandulo, akayambire kwa agogo ake, awafunse kuti analimva koyamba ali ndi zaka zingati, ndiponso ndalamazo zinali m'manja mwa yani.