Mmene Aphunzitsi a Jogalafe Angayankhire Ndale Zodana ndi Alendo

Ngati mumaphunzitsa jogalafe ya ndale ku Lusaka, yambani ndi mbiri ya phunziro lanu lomwe, chifukwa ganizo limene Friedrich Ratzel, katswiri wa jogalafe wa ku Germany, analemba mu 1901, lakuti mtundu wa anthu umafunika malo okulirakulira kuti ukhale ndi moyo, linathandiza a Nazi kulungamitsa kulanda mayiko a anzawo. Ophunzira adziwe zimenezi asanajambule mapu alionse.

Kenako pitani nawo m'makomboni, kumene ndikuona kuti ndiko kuli ntchito yeniyeni. Mu April 2016, mphekesera za kupha anthu mwamatsenga zinachititsa kuti mashopu a anthu ochokera ku Rwanda aphwanyidwe m'makomboni a Zingalume ndi George. Funsani eni nyumba, amayi ogulitsa pamsika ndi othawa kwawo mmene mphekeserazo zinayendera, koma musalembe mayina awo, pakuti chitetezo chawo n'chofunika kuposa kafukufuku wanu.

Yerekezerani zimenezi ndi mpanda umene boma la Hungary, lotsogoleredwa ndi Viktor Orbán, linamanga pamalire a dzikolo ndi Serbia mu 2015 pofuna kutsekereza othawa kwawo. Boma lomwelo linakakamiza yunivesite ya Central European University kuchoka m'dzikolo n'kusamukira ku Vienna, ku Austria. Ndale zotere zingasokonezenso ntchito yanu, choncho sungani zolemba zanu m'malo angapo, ndipo zimene mwapeza muzifotokoze pawailesi m'Chinyanja.