Ku Rome musamagule madzi akumwa

Mukapita ku Rome mu July kapena August, dzuwa likuswa mtengo, nyamulani botolo lopanda kanthu. Pafupi ndi Colosseum, bwalo lakalekale lotchuka kwa alendo, ogulitsa amakweza mtengo wa madzi podziwa kuti alendo afa ndi ludzu. Koma m'misewu muli mipopi yachitsulo yoposa 2,000, eni ake amati nasoni, kutanthauza mphuno zikuluzikulu. Madzi ake amangotuluka usana ndi usiku, ozizira bwino, aulere, omwewo amene anthu amamwa m'nyumba zawo. Ngati mulibe botolo, tsekani kukamwa kwa mpopiwo ndi chala, madzi atulukira pa kabowo kapamwamba, inu n'kumwa. Ine ndinatseka mwamphamvu, malaya onse ananyowa. Mukaona palembedwa kuti "acqua non potabile", pamenepo musamwe.